David Livingstone ndi Zolemba Zake za ku Nyangwe

Ana a sukulu a ku Biriwiri amakulira pa mapiri a Kirk, koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa kuti dzinalo analipereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake John Kirk. Livingstone anabadwira ku Blantyre, m'dziko la Scotland, pa 19 Malichi 1813. Anafika mu Africa m'chaka cha 1841, naona Nyanja ya Malaŵi mu 1859, ndipo mu 1866 anakwera mapiri omweŵa ali pa ulendo wake wotsiriza. Izi aphunzitsi tonse timazidziŵa. Chimene timachilumpha kaŵirikaŵiri ndi kalembedwe kake.

Ulendowo unamfikitsa ku Nyangwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba, m'dziko limene lero ndi Congo. Kumeneko, pa 15 Julaye 1871, anaona ogula akapolo akuombera khamu la anthu pamsika. Anafa anthu mazana angapo, ambiri a iwo amayi, ena mwa kumira pothaŵira mumtsinje. Mapepala ndi inki zinali zitamthera, kotero analemba zimene anaonazo pamwamba pa nyuzipepala yakale ya The Standard, ndi utoto wofinyidwa ku njere za chomera.

Mu 1872 anakopera nkhaniyo m'buku lina, akusintha mau apa ndi apo. Atamwalira kwa Chitambo mu 1873, Horace Waller anaikonzanso, naisindikiza mu 1874. Kwa zaka zambiri anthu ankaŵerenga nkhani yokonzedwayo, pakuti utoto wa panyuzipepala uja unali utafufuma. Mu 2011 akatswiri otsogozedwa ndi Adrian Wisnicki anatha kuuŵerenga ndi kuŵala kwapadera. Apo mpamene zinaoneka kuti pa masiku a zoopsawo Livingstone ankakayikira antchito ake omwe, kuti mwina anatengako mbali, ndipo anaŵalembera mau oŵaŵa amene pambuyo pake anafeŵetsedwa.

Sindiganiza kuti zimenezi zimpanga kukhala wabodza. Munthu wa mantha ndi wodwala salemba monga alembera atapumula. Koma mphunzitsi wa mbiri yakale ali ndi mboni imodzi yolankhula katatu. Auze ana nkhani zitatuzo, aŵagaŵe m'magulu, ndipo gulu lililonse lifufuze kuti nkhani yake inalembedwa liti, ankayembekezeka kuiŵerenga ndani, ndiponso chifukwa chake mau a amayi a pamsika paja sakumveka m'zonsezo.