MBUSA THOMAS BRANCH: MLENDO AMENE ANAIMITSIDWA PAKHOMO

Werengani: Mateyu 5:43-48, Aroma 12:14-21, Agalatiya 3:26-29, 1 Petro 2:19-23.

Ife amene timapembedza ku Luchenza ndi m'mipingo yozungulira minda ya tiyi ya ku Thyolo timalitchula dzina la Malamulo monga dzina la kwathu. Ena a ife tinabadwira m'chipatala cha kumeneko, ena tinaphunzira sukulu pamalopo, ndipo ambiri tinabatizidwa ndi abusa amene anakonzekeretsedwa pa mishoni imeneyi. Koma tikafunsidwa kuti ndani anakhazikitsa mpingo woyamba wa Seventh-day Adventist m'dziko muno, ambiri timangoyang'anana. Munthuyo anali Mbusa Thomas H. Branch, munthu wakuda wochokera ku America. Popeza phunziro lathu likunena za chiyanjano cha okhulupirira ndi za kukonda adani, nkoyenera kuti tione moyo wa mbusa ameneyu, pakuti zinthu ziwirizi anaziphunzira movutikira.

Mwana wa Akapolo

A Branch anabadwa pa 24 Disembala 1856 m'chigawo cha Missouri ku America, makolo ao ali akapolo. Ukapolo unathetsedwa kumeneko mu 1865, iwo ali mwana wa zaka 8. Motero anakula akudziwa bwino lomwe tanthauzo la kuyesedwa katundu wa munthu wina. Mu 1876 anakwatira mai Henrietta Paterson, ndipo mu 1892 banjali linalandira uthenga wa Sabata ndi wa kubweranso kwa Yesu. Atagwira ntchito m'kampani ya njanji, a Branch anadzipereka kulalikira pakati pa anthu akuda mu mzinda wa Pueblo, ku Colorado. Kumeneko ndiko kuitana kwa ku Africa kunawapeza mu 1902, ali ndi zaka 45.

Malo amene anaitanidwako anali ndi mbiri yake kale. Joseph Booth, mmishonale wa ku England, anali atatsegula mishoni ku Thyolo m'malo mwa mpingo wa Seventh Day Baptist, naitcha Plainfield, potengera mzinda wa ku New Jersey kumene kunali omuthandiza. Malowo anali maekala pafupifupi 2,000, ndipo chiyembekezo chinali chakuti khofi ndiye adzayendetsa ntchito. Masiku amenewo tiyi anali asanaphimbe mapiri athuwa monga tikuonera lero. Khofi uja analephera, ndalama zinatha, ndipo mu 1902 mpingo wathu unagula malowo ndi madola 4,000 a ku America. Booth, amene anali atangolowa kumene mpingo wa Adventist, anatumizidwa pamodzi ndi a Branch, mai Branch ndi ana ao atatu. Abale a ku Colorado ndiwo anasenza gawo lalikulu la kuthandiza banjali.

Masiku 9 pa Chinde

Njanji imene imadutsa pa Luchenza inali isanamangidwe. Inadzafika ku Blantyre mu 1908. Alendo a nthawi imeneyo ankatsika pa doko la Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja yaikulu, nakwera sitima za pamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pa Chinde pomwepo banja la a Branch linakumana ndi yesero loyamba. Woimira boma la Britain anawaletsa kupitirira ulendo kwa masiku 9, pa chifukwa chakuti anali anthu akuda ophunzira.

Tiyenera kumvetsa chimene boma linkaopa. Booth anali atalemba buku lotchedwa Africa for the African mu 1897, ndipo mu 1899 anakonza chikalata chodandaulira Mfumukazi Victoria za msonkho wa nyumba ndi za ufulu wa eni dziko, chimene chinamuika m'mavuto ndi boma. Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, John Chilembwe anali atabwerako ku America mu 1900 nayamba Providence Industrial Mission, ndipo amishonale akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, anadzamuthandiza. Atsamunda ankaganiza kuti munthu wakuda aliyense wochokera kutsidya kwa nyanja akudzaphunzitsa anthu kuukira azungu. Tsono a Branch anaweruzidwa asanalankhule mau ndi amodzi omwe. Atawalola, anapitiriza ulendo nafika ku Plainfield kumapeto kwa Ogasiti 1902.

Munthu wina akanabwerera pomwepo, kapena akanalowa m'dziko atasunga chakukhosi. Zimene a Branch anachita m'zaka 5 zotsatira zikutisonyeza kuti anasankha njira ina.

Ntchito Pakati pa Okayikira

Mavuto sanathere pa doko. A Branch ndi a Booth sanamvane pa kayendetsedwe ka mishoni. Booth anali munthu wa malingaliro akuluakulu ndi wosakhazikika pamodzi, pamene a Branch ankafuna kuphunzitsa Mau a Mulungu ndi kumanga ntchito pang'onopang'ono. Patangopita miyezi ngati 6, Booth anachoka, nasiya banja lachilendoli pamalo amene chinenero chake linali lisanachidziwe. Mu 1903 mpingo unatumiza Joseph Watson kudzathandiza, koma malungo anamutenga mu Disembala chaka chomwecho, ndipo manda ake ali ku Malamulo. Katundu yense anabwerera pa mapewa a banja la a Branch.

Anagawana ntchito monga banja. Mabel, mwana wao wamkazi, anaphunzitsa sukulu. Mai Branch, amene anali ataphunzirako za unamwino, ankasamala odwala ndi kuphunzitsa amai. A Branch ankalalikira, kuyang'anira munda, ndi kuyendera midzi. Malungo ankawagwetsa kawirikawiri. Pamwamba pa zonsezi, azungu ena a m'dzikomo anapitiriza kuwanenera kuti ndi munthu woopsa, wofesa maganizo oukira boma, ngakhale kuti iwo sanalowerere m'ndale.

Tiganizirenso za anthu amene anawazungulira. Kunali Amang'anja, eni dera. Kunali Ayao, amene ena mwa mafumu ao anachita malonda a akapolo kufikira zaka za m'ma 1890. Kunali Angoni, amene nkhondo zao zinali zisanaiwalike, ndiponso Alomwe, amene anali kulowa kuchokera ku Mozambique kudzafuna malo ndi ntchito m'minda ya azungu. Mabala a ukapolo ndi a nkhondo anali aawisi. Kwa anthu otere kunafika mlaliki amene iye mwini anabadwira muukapolo, akuphunzitsa kuti mwa Kristu kusiyana kwa kapolo ndi mfulu, ndi kwa mtundu uwu ndi uwo, kwachotsedwa, monga Paulo akunenera pa Agalatiya 3:28. Uthenga umenewu unali ndi mboni yake m'thupi la wolalikirayo.

A Branch sanagwire ntchito okha. Anazindikira kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo anadalira aphunzitsi a kuno. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Morrison Malinki, amene anayamba kugwira ntchito ndi Booth ndipo pambuyo pake anakhala mzati wa sukulu ndi ulaliki wa mpingo wathu. Pa 14 Julaye 1906, Mbusa Branch anakhazikitsa mpingo woyamba wa Seventh-day Adventist pa Plainfield. Mipingo yathu yonse ya m'Malawi, kuphatikizapo ya kuno ku Luchenza, ndi mphukira za tsinde limenelo.

Bala Lochokera M'nyumba

Apa ndi pamene mbiri iyi ikutipweteka, ndipo sitiyenera kuidumpha. Mu 1907, chaka chimene dziko lino linapatsidwa dzina la Nyasaland, atsogoleri a mpingo anatumiza Mbusa Joel C. Rogers, mzungu, kudzatsogolera mishoni. Chimodzi mwa zifukwa chinali kufuna kuchotsa kukayikira kwa boma kumene kunali pamalopo. Rogers ndiye anasintha dzina la Plainfield kukhala Malamulo. A Branch anapereka ntchito imene anaivutikira m'manja mwa wina, nanyamuka ndi banja lao kupita ku South Africa, kumene ankayembekeza kupeza nyengo yabwino ndi sukulu ya ana ao aamuna. Atafika anapeza kuti anawo sangalandiridwe m'sukulu za mpingo zimene zinali za azungu. Mu 1908 anabwerera ku America.

Kuletsedwa ndi woimira boma pa Chinde kunali kowawa, komabe ameneyo anali wakunja. Kutsekeredwa khomo ndi abale osunga Sabata limodzi kunali kowawa koposa. Davide anadandaula za chinthu chomwechi pa Masalmo 55:12-14, kuti chitonzo cha mdani chimapiririka, koma cha mnzako amene munkapita naye ku nyumba ya Mulungu chimalasa mtima. Ngakhale zinali choncho, a Branch anapitiriza kutumikira mpingo womwewo. Anagwira ntchito ku Colorado, ndipo mu 1911 anapita ku Philadelphia kukasonkhanitsa ndi kuweta okhulupirira akuda a mumzindawo. Mai Branch anamwalira kumeneko mu Epulo 1913. M'zaka zotsatira kunabuka kusamvana pakati pa a Branch ndi atsogoleri, ndipo utumiki wao mu mpingo unatha momvetsa chisoni. Anamwalira ku Los Angeles mu Novembala 1924, kutali ndi mapiri a Thyolo.

Chimene Tikuphunzira

Sitikunena kuti Mbusa Branch anali wopanda zofooka. Kusamvana kwao ndi Booth, ndiponso ndi atsogoleri pambuyo pake, kukutikumbutsa kuti anali munthu monga ife. Koma moyo wao ukutiphunzitsa zinthu zitatu.

Choyamba, kukonda mdani kumaonekera m'zochita. Yesu sanatilamule kuti tiyambe tamva kukoma mumtima. Anatilamula kupempherera otizunza ndi kuwachitira zabwino. A Branch anayankha kukayikiridwa mwa kutsegula sukulu, kusamala odwala ndi kulalikira. Mu Januwale 1915, pamene Chilembwe anaukira boma, Morrison Malinki anakana kutenga nawo mbali m'kukhetsa mwazi, komabe boma linamumanga pomukayikira. Atatuluka anabwerera ku ntchito ya Mulungu. Madandaulo a anthu pa thangata ndi msonkho anali oona, ndipo kukonda mdani sikutanthauza kutcha choipa kuti nchabwino. Kumatanthauza kukana kubwezera choipa ndi choipa, ndi kusiyira Mulungu kuweruza, monga Aroma 12:17-21 akutilangizira.

Chachiwiri, amene timavutika kumukonda nthawi zambiri sakhala kutali. Amakhala pa benchi limodzi ndi ife tsiku la Sabata. Kuno kwathu angakhale kapitawo amene anatidulira malipiro kumunda wa tiyi, mbale amene tikukangana naye malire a munda, kapena mlongo amene anatinena pa msonkhano wa mpingo. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Ngati ubale wa mwazi uli wotero, nanga ubale wogulidwa ndi mwazi wa Kristu?

Chachitatu, mpingo nawonso ungathe kulakwira ana ake. Tikawerenga za ana a Mbusa Branch ataima kunja kwa sukulu, nkwapafupi kudzudzula anthu a kale. Koma ife tidzifunse: kodi sitisankha akulu a mpingo poyang'ana mtundu, kuti uyu ndi Mlomwe, uyo ndi Mmang'anja, winayo ndi wobwera? Kodi wothyola tiyi ndi kalaliki wa mu ofesi timawalonjera mofanana pakhomo la tchalitchi? Yakobo 2:1-9 akutchula tsankho lotere kuti ndi tchimo. Mwambo wa kusambitsana mapazi, umene timachita tisanadye Mgonero wa Ambuye, unaperekedwa kuti tigwade pamaso pa mbale amene mtima wathu ukumukana, tisanatambasule dzanja kulandira mkate.

Mafunso Okambirana

1. Kodi ndi chifukwa ninji cholakwa cha mbale wa mumpingo chimavuta kukhululukira koposa cha munthu wakunja?

2. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kukhululukira mdani ndi kuvomereza chosalungama? Yerekezani Mateyu 5:44 ndi Machitidwe 16:35-39.

3. Kodi alipo amene anatumikira mpingo wathu mokhulupirika koma lero sabweranso chifukwa tinamukhumudwitsa? Kalasi lathu lisankhe anthu awiri okamuyendera sabata ino.