EMIL CHRISTIAN HANSEN, MUNTHU AMENE ANAWETA YISITI

Anzanga, tonse tamva dzina la Louis Pasteur m'kalasi ya sayansi. Koma ine ndifuna ndikuuzeni za munthu wina wa ku Denmark amene satchulidwa kawirikawiri, chinkana ntchito yake inafika mpaka ku Blantyre. Dzina lake ndiye Emil Christian Hansen. Aphunzitsi athu asade nkhawa poona mau akuti mowa m'nkhani ino. Ine sindiri kuitanira munthu ku chikho ai. Ndiri kunena za yisiti, kanthu kamoyo kosaoneka ndi maso, kamene kamatupitsa buledi ndi kuwiritsa mowa.

Hansen anabadwa pa 8 May 1842 m'tauni ya Ribe. Atate wake anali mmisiri wopaka utoto nyumba, ndipo pakhomo pao panali usiwa. Mnyamatayo anayamba wagwirako ntchito m'sitolo, pambuyo pake natsata ntchito ya atate wake. Maphunziro apamwamba anawapeza mochedwa, ali wamkulu kale, ndipo ndalama zake anazipeza pophunzitsa ana a eni chuma ndi polemba nthano zogulitsa. M'chaka cha 1876, ali ndi zaka 34, Yunivesite ya Copenhagen inampatsa mendulo ya golide chifukwa cha zimene analemba za bowa womera pa ndowe za nyama. Inde, pa ndowe! Ife tikatumidwa kukhola timagwira mphuno, koma iye anapezapo ulemu.

Mu mzinda womwewo munali Bambo J. C. Jacobsen, amene anatsegula fakitale ya mowa ya Carlsberg mu 1847. Yisiti wake anakamtenga ku Munich mu 1845, namnyamula m'bokosi la chipewa, ndipo panjira ankathira madzi ozizira kuti asafe. Kuyambira pamenepo anchito ake ankatapa yisiti wa mowa wakale ndi kuthira mu watsopano, monga achitira ofulula masese kumidzi, amene amadalira mbiya yakale kuti mowa uwire. Jacobsen anali wokonda sayansi, tsono mu 1875 anakhazikitsa labotale pafakitale pomwepo. Hansen analowa ntchito m'menemo, ndipo mu 1879 anakhala mkulu wa mbali imodzi ya labotaleyo.

Mu 1883 mowa wa Carlsberg unayamba kuwawa ndi kununkha. Pasteur anali ataphunzitsa kale kuti mabakiteriya ndiwo amasasitsa mowa, koma Hansen anaona chinthu chinanso. Yisiti sali wa mtundu umodzi. Alipo wabwino, aliponso wakutchire amene amabwera ndi mphepo kuchokera pa zipatso zakupsa. Yisiti wa Jacobsen anali ngati mbeu yosakanizika ndi namsongole, ndipo chaka ndi chaka ankadzala zonse pamodzi.

Nanga munthu angasankhe bwanji mbeu imene sangathe kuitola ndi zala? Apa ndipo pamene ine ndimamlemekeza Hansen koposa. Anatenga yisiti pang'ono nawerenga timaselo take pa maikulosikopu. Atatero anasungunula ndi madzi ambiri, kufikira dontho limodzi likhale ndi kaselo kamodzi kapena likhale lopanda kanthu. Madontho amenewa anawagawa m'mabotolo a madzi a chimera owiritsa, nadikira. Botolo limene munamera kadontho kamodzi kokha pansi pake analisunga, podziwa kuti onse a m'menemo ndi ana a kholo limodzi. Enawo anataya. Ntchito yotere njotopetsa zedi, yofuna munthu wosapupuluma. Potsiriza anapeza mitundu 4 mu yisiti wa fakitaleyo, ndipo umodzi wokha ndiwo unkapereka mowa wokoma nthawi zonse.

Kaselo kamodzi sikangawiritse thanki lalikulu. Tsono iye anakakulitsa pang'onopang'ono, kuchoka m'kabotolo kulowa m'botolo lalikulupo, kenaka m'chotengera chachikulu, chirichonse chotsukidwa bwino ndi chovindikira. Mu November 1883 fakitale inafulula mowa ndi yisiti ameneyu, ndipo unatuluka wabwino. Jacobsen sanabise chinsinsichi. Anagawira mafakitale ena yisitiyo kwaulere.

Anthu ofulula mowa panyumba m'maiko ambiri amatsatabe njira yomweyi, ngakhale ambiri sadziwa mwini wake. Akagula yisiti wamadzi sathira pomwepo m'mowa wonse, pakuti timaselo tina timafa m'paketi ikakhalitsa. Amayamba awiritsa magalamu 100 a ufa wotsekemera wochokera ku chimera cha balere m'lita imodzi ya madzi kwa mphindi 10 kapena 15. Akatero amaziziritsa kufikira madigiri 20 kapena pafupi pamenepo, chifukwa madzi otentha amapha yisiti. (Kuno ku Chambe mwezi wa October munthu angafunike kumiza botololo m'madzi a Likhubula.) Ndipo amathira yisiti, navindikira mosathinitsa kuti mpweya uzituluka, ndi kumakhutchumula kawirikawiri, popeza yisiti amaswana bwino akapeza mpweya wabwino. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri pamwamba pamachita thovu, pansi pamakhala nsenga zoyera. Amenewo ndi yisiti wochuluka ndi wamphamvu, wokhoza kuyamba ntchito msanga wakutchire asanalowerere.

Hansen anamwalira ku Copenhagen pa 27 August 1909 ali ndi zaka 67. Patapita zaka 59, mu 1968, kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kumangidwa kunja kwa Denmark, ndipo mu 2016 inagulidwa ndi kampani ya Castel. Yisiti wake uja Hansen anamutcha Saccharomyces carlsbergensis. Koma akatswiri a pambuyo pake anapeza kuti mtunduwo unali nalo kale dzina lina, kotero kuti m'mabuku a sayansi mudzaupeza ukutchedwa Saccharomyces pastorianus, dzina lokumbukira Pasteur.

Wophunzira wa Fomu 3