Samora Machel: Zimene Moyo Wake Ukutiphunzitsa za Khalidwe la Msilikali

Inu amene mumakhala ku Matundo kapena ku Chingodzi, mukamalowa mumzinda wa Tete mumawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. Dzina lake mumalidziwa. Lero tiwerenge za moyo wake ndi funso limodzi mumtima: n'chiyani chimachititsa munthu wonyamula mfuti kuteteza anthu, ndipo n'chiyani chimamuchititsa kuwazunza? Funsoli likutikhudza tonse, pakuti chaka ndi chaka ana athu amene akwanitsa zaka 18 amalembetsa mayina awo ku usilikali.

Mwana wa mlimi, namwino wa m'chipatala

Samora Moisés Machel anabadwa pa 29 Sepitembala 1933 ku Chilembene, m'chigawo cha Gaza. Makolo ake anali alimi. Iye anakula akuona atsamunda a Chipwitikizi akukakamiza anthu kulima thonje, n'kumaligula pa mtengo wotsika. Anaonanso minda yachonde ya m'mbali mwa mtsinje wa Limpopo ikulandidwa n'kupatsidwa kwa azungu. Mkulu wake anafera ku migodi ya ku South Africa.

Anaphunzira pa sukulu ya mishoni. Mu 1954 anayamba maphunziro a unamwino ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, ndipo anagwira ntchito pa chipatala cha Miguel Bombarda. Kumeneko anaona kuti namwino wakuda ankalandira ndalama zochepa kuposa mzungu, ntchito ili yofanana. Kumbukirani mfundo iyi: asanagwire mfuti, Samora anayamba watsuka mabala a anthu.

Mu 1963 anathawira ku Tanzania n'kulowa gulu la Frelimo. Anakaphunzira usilikali ku Algeria. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964. Mu 1966 mkulu wa asilikali, Filipe Samuel Magaia, anaphedwa, ndipo Samora analowa m'malo mwake. Eduardo Mondlane ataphedwa pa 3 Febuluwale 1969, Samora anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Frelimo mu 1970.

Malamulo a m'tchire

Ku kampu ya Nachingwea ku Tanzania, Samora ankaphunzitsa anyamata ndi atsikana kuwombera mfuti. Ankawaphunzitsanso kulima chakudya chawo, kuwerenga ndi kulemba, monga mmene inu mukuphunzirira lero. Phunziro lalikulu linali la kudziwa mdani. Mdani anali utsamunda, osati khungu loyera. Ena m'gululi ankaona mzungu aliyense ngati mdani, koma Mondlane ndi Samora anakana.

Mu Julaye 1968 Frelimo inachita msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje, m'chigawo cha Niassa. Kumeneko anagwirizana kuti msilikali wa adani akagwidwa asaphedwe. Tangoganizani kulemera kwa lamulo limeneli. Mnzako wafa dzulo, lero wagwira mmodzi wa amene anamupha, ndipo ukuuzidwa kuti ugawane naye nsima yako. Mu Ogasiti 1974 asilikali a Chipwitikizi oposa 100 anagwidwa ku Omar, m'chigawo cha Cabo Delgado. Anawatengera ku Tanzania, ndipo nkhondo itatha anawabweza amoyo.

Kuno ku Tete nkhondo inayaka mu Malichi 1968, omenyera ufulu akulowera ku Zambia. Iwo analibe magalimoto kapena nkhokwe. Amene ankawaphikira, kuwasenzera katundu, kuwawolotsa mtsinje pa bwato ndi kuwabisa anali anthu a m'midzi. Msilikali woba nkhuku kapena wogwirira mkazi ankaika gulu lonse pangozi, pakuti mudzi wokwiya ukanatha kukaulula malo awo. Choncho kulemekeza anthu kunali khalidwe labwino, komanso kunali njira yopulumukira. Mmene zinthu zinalili zinkathandiza lamulo la Samora kugwira ntchito.

Komabe nkhondo ndi nkhondo. Mabomba okwirira m'misewu anaphanso anthu wamba, ndipo mafumu ena amene ankawaganizira kuti ali kumbali ya atsamunda anaphedwa.

Zimene zinachitika ku Wiriyamu

Kuti mumvetse phindu la lamulo la ku Matchedje, onani zimene zinachitika kumbali inayo. Asilikali a atsamunda ku Tete ankateteza ntchito yomanga damu la Cahora Bassa. Ankayenda ndi mantha, osadziwa kuti bomba lili pati. Ankasonkhanitsa anthu mokakamiza m'midzi yolonderedwa, ndipo aliyense wotsala kunja ankamuyesa mdani.

Pa 16 Disembala 1972 ndege zinaponya mabomba ku Wiriyamu, pafupifupi makilomita 30 kum'mwera kwa mzinda wathu. Kenako makomando anatsika pa mahelikopita pamodzi ndi apolisi achinsinsi a DGS. Anapha anthu ku Wiriyamu, Chaworha, Juwau ndi midzi yoyandikana. Ena anawatsekera m'nyumba n'kuzitentha. Wofufuza mbiri Mustafah Dhada anapeza mayina a anthu 385 amene anafa, pakati pawo amayi ndi makanda. Opulumuka ena anafika ku chipatala cha Tete, ndipo ansembe analemba zimene anamva. Pa 10 Julaye 1973 bambo Adrian Hastings anaulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa kwa anthu a ku Mozambique.

Amene anachita zimenezi anali anyamata a zaka ngati za ana athu, ena azungu, ena akuda obadwira konkuno. Amayi awo sanawabereke ali zilombo. Anauzidwa kuti m'midzi ija mulibe anthu koma zigawenga. Akuluakulu awo analamula kuti pasatsale munthu. Aliyense anaona mnzake akuwombera, ndipo ankadziwa kuti palibe amene adzamufunse. Mantha, bodza, lamulo loipa ndi kusowa kwa chilango zikakumana, munthu wamba amachita zimene sanalotepo. Izi sizichotsa mlandu pa iwo. Zikungotionetsa kuti mtsogoleri amene amakonza mmene asilikali akhalire amasenza mlandu waukulu koposa.

Mtsogoleri atalowa m'nyumba ya boma

Pangano la ku Lusaka linasainidwa pa 7 Sepitembala 1974. Pa 25 Juni 1975 Mozambique inalandira ufulu, Samora n'kukhala pulezidenti woyamba. Boma lake linatsegula sukulu ndi zipatala kwa onse, ndipo mu 1978 linayambitsa ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu kuwerenga.

Koma tsopano zinthu zinasintha. Msilikali sankadaliranso nsima ya m'mudzi kuti akhale ndi moyo. Chipani chinali chimodzi, ndipo nyuzipepala zinali m'manja mwa boma. Adani analinso pafupi. Mu 1976 Samora anatseka malire ndi Rhodesia pofuna kuthandiza anthu a ku Zimbabwe, ndipo asilikali a Ian Smith anayamba kuwoloka malire. Mu Novembala 1977 anaphulitsa Chimoio ndi Tembué, kuno ku Tete. Pambuyo pake nkhondo ya Renamo inakula, mothandizidwa ndi boma la tsankho la South Africa.

M'nthawi ya mantha imeneyi, boma la Samora linachita zinthu zowawa. Anthu ambiri anatumizidwa ku makampu owongolera khalidwe popanda kuzengedwa mlandu. Uria Simango, Joana Simeão ndi Lázaro Nkavandame, amene anatsutsana ndi utsogoleri wa Frelimo, anaphedwa mobisa. Mu 1983 kunabwera lamulo lokwapula anthu ndi chikoti pagulu, chilango chimene anthu ankachikumbukira kuchokera kwa atsamunda. Chaka chomwecho, pa Operação Produção, anthu masauzande amene analibe mapepala a ntchito anachotsedwa m'mizinda n'kutumizidwa ku Niassa ndi Cabo Delgado. Mabanja anapasuka, ndipo ena sanabwerere.

Samora mwini anaona kuti mfuti yayamba kutembenukira anthu. Pa 5 Novembala 1981, pa msonkhano waukulu ku Maputo, anadzudzula poyera asilikali, apolisi ndi achitetezo chifukwa chomenya anthu, kuwamanga popanda chifukwa ndi kuwalanda katundu. Ntchito imeneyi inatchedwa Ofensiva da Legalidade, kutanthauza nkhondo yobwezeretsa lamulo. Si atsogoleri ambiri amene amadzudzula asilikali awo pamaso pa anthu. Koma kuwongola konseko kunkadalira mawu a munthu mmodzi. Panalibe khoti kapena nyuzipepala yokhoza kuuza pulezidenti kuti walakwa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pasanathe zaka ziwiri, chikoti chija chinafika.

Samora anamwalira pa 19 Okutobala 1986, ali ndi zaka 53. Ndege yake inagwa ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, akuchokera ku msonkhano ku Mbala ku Zambia. Anthu ena 34 anafera limodzi naye.

Phunziro kwa ife

Munthu amene anaphunzitsa asilikali kudyetsa mdani wogwidwa ndi yemweyo amene anatsogolera boma la chikoti. M'tchire anali pakati pa anthu amene ankawadalira tsiku ndi tsiku. M'boma anali ndi mphamvu zonse, adani atamuzungulira, wom'tsina khutu palibe. Choncho dziko lisamadalire mtima wabwino wa mtsogoleri wokha. Msilikali amafunika lamulo lomveka, mkulu woonetsa chitsanzo, chakudya ndi malipiro pa nthawi yake, ndiponso kudziwa kuti akazunza munthu adzayankha mlandu.

Dziko lathu linaphunzirapo kanthu. Malamulo aakulu a dziko a 1990 anathetsa chilango cha imfa. Malamulo amene tikugwiritsa ntchito lero, a 2004, pa ndime 40 amaletsa kuzunza munthu. Ndime 80 imapatsa nzika ufulu wokana lamulo la mkulu ngati likutsutsana ndi malamulo a dziko kapena likupondereza ufulu wake. Amanenanso kuti asilikali si a chipani, ndi a mtundu wonse. Mawu amenewa amagwira ntchito pokhapokha ngati anthu akuwadziwa. Inu amene mukuphunzira kuwerenga, pemphani aphunzitsi anu kuti muwerenge nawo ndime ziwirizi. Mwana wanu akamapita ku usilikali, muuzeni za Matchedje, muuzeninso za Wiriyamu.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. N'chifukwa chiyani omenyera ufulu ankayenera kulemekeza anthu a m'midzi?
2. Tchulani zinthu zimene zinakankhira asilikali ku nkhanza za ku Wiriyamu.
3. N'chiyani chinasintha pa moyo wa Samora pambuyo pa 1975?
4. Kwanu kuno, mfumu, mkulu wa dera kapena wapolisi akalakwa, ndani angamudzudzule, ndipo angatero m'njira yotani?