John Gray Kufa: Dikoni wa Blantyre ndi Mlandu wa ku Magomero

Pakati pa amuna oyamba amene Mishoni ya Blantyre idawapatsa udindo mu Mpingo, palibe amene mbiri yake ili yolemetsa mtima monga ya John Gray Kufa. Iwo adali dikoni, mlaliki ndi wothandiza madotolo wodziŵika bwino, koma adaphedwa ndi Boma la Atsamunda m'chaka cha 1915 pa mlandu wa nkhondo ya John Chilembwe, m'mene Azungu atatu adaphedwa m'minda ya Bruce. Mbiri yawo ndi yolukanalukana ndi ya mabanja obwera amene adakumana pa Magomero: ena ochokera ku Zambezi, ena ku dziko la Alomwe, ndi ena ku Scotland.

Bambo Kufa nawonso adali obwera. Kwawo kudali ku mathiriro a mtsinje wa Zambezi, m'dziko limene lidali m'manja mwa Apwitikizi. M'masiku amenewo njira yoloŵera m'dziko la Nyasa idali ya pamadzi, kukwera Zambezi ndi Shire, ndipo anyamata ambiri a kumunsiko adafika ku Blantyre potsata njira yomweyo. Mishoni idakhazikitsidwa m'chaka cha 1876, ndipo kuyambira 1881 idali pansi pa Mbusa David Clement Scott, munthu amene adakhulupirira kuti Mpingo wa mu Afrika uyenera kutsogozedwa ndi eni dziko. Mnyamata wa ku Zambezi uja adakulira m'sukulu ya Mbusa ameneyu, nabatizidwa ndi dzina lachiskoti la John Gray, monga udali mwambo wa nthaŵiyo.

M'chaka cha 1894 Mbusa Scott adapatula amuna asanu ndi aŵiri kuti akhale madikoni. Pamodzi ndi Bambo Kufa padali Harry Kambwiri Matecheta, amene adadzakhala mbusa m'chaka cha 1911, ndi Mungo Murray Chisuse, katswiri wa ntchito yosindikiza mabuku. Amuna ameneŵa adapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya mu Mpingo ndi kuyang'anira ntchito ya kumidzi, ngakhale kuti Azungu ena a m'minda ndi ena a mu Mishoni momwe sadakondwere nazo.

Mphatso yaikulu ya Bambo Kufa idali ya zachipatala. Adaphunzira pa chipatala cha Mishoni, napambana mayeso ake motamandika, makamaka pa ntchito ya opaleshoni. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Mishoni idawatuma kum'maŵa, ku dziko la Alomwe, kuti akayambe ntchito ya Uthenga Wabwino pakati pa anthu amene adali asanaonepo sukulu. Ntchitoyo sidakhalitse chifukwa cha nkhondo za Apwitikizi, ndipo Mishoni idabwereranso kumeneko m'chaka cha 1913 potsegula Mihecani. Komabe ulendo woyambawo udawapatsa Bambo Kufa mwayi wodziŵa Alomwe ali kwawo, asanakhale alendo m'minda ya Azungu.

Nkhondo zomwezo, pamodzi ndi ntchito yokakamiza ndi njala, zidachititsa kuti kuyambira cha m'ma 1899 mabanja zikwizikwi a Alomwe awoloke malire ndi kuloŵa ku Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba. Azungu ndi anthu ena ankawatchula kuti Anguru, dzina limene eni ake sadalikonde. Popeza adalibe malo awoawo, ambiri adakhala m'minda ya Azungu, ndipo mtengo wa malowo udali thangata. Liwu limene kale linkatanthauza kuthandizana pa ntchito lidasanduka dzina la ntchito ya lendi. Mwamuna ankagwira mwezi wa msonkho ndi mwezi wa lendi, koma m'minda ina miyeziyo inkatalikitsidwa, malipiro nkukhala fodya m'malo mwa ndalama. Mlendo wopanda kothaŵira sakadatha kukana.

Munda waukulu koposa m'deralo udali wa A. L. Bruce Estates ku Magomero, pamalo pomwe Bishopu Mackenzie adamanga mishoni yake m'chaka cha 1861. Mmodzi wa eni ake, Alexander Livingstone Bruce, adali mdzukulu wa Dr David Livingstone kudzera mwa mayi wake Agnes. Woyang'anira munda adali William Jervis Livingstone wochokera ku chilumba cha Lismore ku Scotland, amene anthu ankamutchula kuti Listonia. Ameneyu adadziŵika ndi nkhanza, ndipo lamulo la mundawo lidaletsa sukulu ndi nyumba zopemphereramo. Nyumba zimene Akhristu a Chilembwe adamanga m'mundamo zidatenthedwa.

Bambo Kufa adaona zonsezi ndi maso awo, pakuti adagwirako ntchito yopereka mankhwala m'munda wa Bruce. Adalinso ndi munda wawo wa maekala 140 ku Nsoni, ndipo adali m'gulu la Aafrika ophunzira amene ankayesa kudziimira paokha pa ulimi ndi malonda. M'chaka cha 1909 adali nawo m'bungwe la Natives' Industrial Union pamodzi ndi Joseph Bismarck. Anthu otere adali ndi maphunziro, chuma ndi ulemu mu Mpingo, koma pamsewu ankayenera kuvula chipewa kwa Mzungu aliyense, ngakhale Mzunguyo asayankhe moni. Pafupi ndi Nsoni padali Mbombwe, pamene John Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900 atabwera kuchokera ku Amerika. Ambiri a Akhristu ake adali Alomwe a m'minda ija.

Nkhondo yaikulu ya 1914 idawonjeza moto. Asilikali ndi amtengatenga achikuda adafa pa nkhondo ya ku Karonga mu Seputembala, ndipo mu Novembala Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti osauka akufera nkhondo ya eni chuma. Boma lidaletsa kalatayo. Pa misonkhano yachinsinsi imene idatsatira ku Mbombwe, Bambo Kufa adaŵerengedwa pakati pa atsogoleri.

Usiku wa Loŵeruka, pa 23 Januwale 1915, gulu la anthu lidazinga nyumba ya ku Magomero. William Jervis Livingstone adaphedwa nadulidwa mutu pamaso pa mkazi wake. Duncan MacCormick adaphedwa usiku womwewo, ndipo Robert Ferguson adaphedwa ku Mwanje. Akazi ndi ana a Azungu adatengedwa, koma adabwezedwa amoyo monga Chilembwe adalamulira. Gulu lina lidathyola nyumba ya mfuti ya Mandala ku Blantyre, napezako mfuti zoŵerengeka chabe. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ku Nguludi idatenthedwa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adaomberedwa akuthaŵira ku malire, ndipo tchalitchi chake cha njerwa chidagumulidwa ndi Boma.

Chiweruzo chidali chachangu. Anthu oposa 30 adaphedwa ndi Boma, pafupifupi 300 adamangidwa, ndipo ena ambiri adaomberedwa m'tchire popanda mlandu kuzengedwa. Pakati pa ophedwa padali John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, wamalonda wodziŵika amenenso adaleredwa ndi Mishoni ya Blantyre. Imfa ya dikoni wa Mbusa Scott idapatsa adani a Mishoni chida. Pamaso pa Komiti yofufuza imene Boma lidakhazikitsa m'chaka chomwecho, eni minda adanena kuti maphunziro a Askoti ndiwo adabala chipanduko, ndipo Bruce adafuna kuti sukulu zoyendetsedwa ndi Aafrika zitsekedwe. Dr Alexander Hetherwick adaima nateteza aphunzitsi ndi akulu a Mpingo, nasonyeza kuti chipongwe cha tsiku ndi tsiku, monga nkhani ya zipewa ija, ndicho chidaŵaŵitsa mitima. Komiti idavomereza kuti m'minda ya Bruce mudali nkhanza, koma thangata lidapitirirabe zaka zambiri.

Kulondola mabanja a anthu a mlanduwu ndi ntchito yosonyeza kusiyana kwa anthu m'mabuku a nthaŵi ija. Banja la Livingstone limapezeka mosavuta, pakuti ku Scotland kubadwa, ukwati ndi imfa zinkalembedwa mwa lamulo kuyambira 1855. Banja la Mkhristu wa Mishoni limapezeka m'mabuku a ubatizo ndi a maukwati, ndi m'nyuzipepala ya Mishoni ya Life and Work, ngakhale kuti dzina lachiskoti kaŵirikaŵiri limabisa dzina la makolo. Koma mabanja a Alomwe ndiwo ovuta koposa. Alembi a Boma ankalemba dzina la mwamuna wokhoma msonkho, pamene mbumba ya Chilomwe imaŵerengedwa kuchikazi. Chitatha chipanduko ambiri adathaŵira ku Mozambique, ena nasintha maina poopa kugwidwa. Chifukwa chake zolembedwa za ku nyumba yosungira mbiri ku Zomba ziyenera kuyikidwa pambali pa zimene nkhalamba za m'midzi zidasunga pamtima. George Shepperson ndi Thomas Price adasonkhanitsa zolembedwa m'buku lawo la 1958, Landeg White adamvetsera anthu a ku Magomero m'buku lake la 1987, ndipo m'chaka cha 2015 John McCracken adasindikiza maumboni amene adaperekedwa ku Komiti ija.

Mpingo sungayese chabe mwazi umene udakhetsedwa usiku wa ku Magomero, pakuti Livingstone adasiya mkazi wamasiye ndi ana. Sungaiŵalenso misozi ya alendo amene adalima thonje ndi fodya popanda wowamvera. John Gray Kufa adaima pakati pa zinthu ziŵirizi. Manja amene adaphunzitsidwa kumanga mabala adagwirizana ndi anthu onyamula mikondo, ndipo chiweruzo chotsiriza cha zimenezo chili ndi Mulungu. Chimene chili m'manja mwa Sinodi ndi kusunga mabuku ake a ubatizo, a maukwati ndi a misonkhano ya akulu a Mpingo kuti asadyedwe ndi chiswe, chifukwa kwa mabanja ambiri obwera, m'mabuku amenewo ndimo mokha mudalembedwa maina a makolo awo.