Gertrude Kamkwatira, mayi amene adalowa m'malo mwa Du Chisiza

Kulowa m'malo mwa munthu wokondedwa ndi udindo wolemera, makamaka pa zisudzo ndi mafilimu, pomwe oonera amadziona ngati eni ake a nkhaniyo. Achinyamata amene amadzaza nyumba zoonetsera vidiyo ku Chinsapo, Mgona ndi Kawale amaudziwa mkangano umene umabuka gawo lachiwiri la filimu yomwe adaikonda likakhala losakoma. Ku America, kampani ya Disney itagula Lucasfilm mu 2012, mafilimu a Star Wars adapatsidwa kwa atsogoleri atsopano. Rian Johnson atatulutsa The Last Jedi mu 2017, ena mwa okonda mafilimuwa adamunyoza pa intaneti, pomuimba mlandu woononga zomwe George Lucas adayambitsa mu 1977. Kuno kwathu, amene adasenza katundu wofanana ndi ameneyu ndi malemu Gertrude Webster Kamkwatira.

Kamkwatira adabadwa cha m'ma 1966, ndipo adatchuka pochita zisudzo m'gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre. Gululi adaliyambitsa mu 1987 ndi Du Chisiza Jr, mwana wa katswiri wa ndale Dunduzu Chisiza, atabwerako kumaphunziro a zisudzo ku Philadelphia. Lidali gulu loyamba m'dziko muno kutenga zisudzo ngati ntchito yodyera. Du ankalemba masewero, kuwatsogolera komanso kukwera yekha pansanja, kotero kwa anthu ambiri dzina la Wakhumbata ndi la Du zidali chinthu chimodzi. Masewero monga Papa's Empire ndi Democracy Boulevard adakhudza mitima pa nthawi yomwe kulankhula za ndale kunkafuna kulimba mtima.

Du atamwalira pa 24 February 1999, ali ndi zaka 35 zokha, utsogoleri wa gululi udagwera Kamkwatira. Vuto la wolowa m'malo n'lakuti sayezedwa ndi ntchito yake yokha, koma amayerekezedwa ndi munthu amene adagona ndipo sangalakwenso. Akatsata njira ya woyambitsa amaoneka wongokopera, akasintha amaoneka woononga. Pamwamba pa izi, Kamkwatira adali mayi wotsogolera pa ntchito imene nthawi imeneyo idadzala ndi abambo.

Iye sadakhalitse mumthunzi wa Du. Adachoka ku Wakhumbata n'kuyambitsa gulu lakelake la Wanna-Do Ensemble Theatre, ndipo kumeneko luso lake lidaonekera poyera. Adalemba masewero m'Chingerezi okhudza zimene zinkachitika m'makomo mwa anthu. It's My Fault lidakamba za nkhanza za m'banja, Breaking the News lidalimbana ndi nkhani ya Edzi pa nthawi imene mabanja ambiri ankaopa ngakhale kuitchula, ndipo adalembanso Jesus' Retrial. Pamene Du ankaunika kwambiri mabwalo a ndale, Kamkwatira adalowetsa oonera m'nyumba momwe amayi amalirira chamumtima.

Anzake pantchito adamukhulupirira. Adakhala pulezidenti wa bungwe la National Theatre Association of Malawi komanso wapampando wa Copyright Society of Malawi, bungwe loteteza ntchito za anthu aluso. Imfa idamupeza mu 2006, patangodutsa zaka zisanu ndi ziwiri chimwalirireni Du, ali ndi zaka pafupifupi 40.

Mbiri yake ili ndi phunziro kwa oonera a lero, kaya ali ku Area 25 kapena ku Biwi. Kukonda gulu kapena filimu n'kwabwino, koma chikondi chikasanduka chokakamiza wolowa m'malo kuti akhale chithunzi cha womwalira, luso limafota. Wakhumbata idampatsa Kamkwatira nsanja, koma dzina limene tikumukumbukira nalo adalimanga atalimba mtima n'kulankhula ndi mawu akeake.