Mbiri ya malemu Dotolo Karel Styblo, yemwe anakonza njira yogonjetsera chifuwa chachikulu cha TB

Munthu wa ku Pembamoyo m'boma la Vubwi akamakhosomola kwa masabata angapo, napita kuchipatala, anamwino amamupatsa kabotolo kolavuliramo makhololo kuti akapimidwe. Akapezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB, dzina lake limalembedwa m'kaundula wa odwala, amapatsidwa khadi, ndipo amauzidwa kuti azimwa mankhwala tsiku ndi tsiku pamaso pa wazaumoyo kapena wachibale. Dongosolo limeneli lafala kwambiri m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique, kotero kuti ambiri amaliona ngati lakhalapo kuyambira kale. Koma maziko ake anayalidwa ndi dotolo wina wa ku Ulaya, malemu a Karel Styblo, amene nawonso anadwalapo nthendayi ali mnyamata.

A Styblo anabadwa m'chaka cha 1921 m'dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a Nazi a ku Germany anawagwira ndi kuwatsekera kundende ya Mauthausen m'dziko la Austria, komwe akaidi ambirimbiri anafa ndi njala, ntchito ya kalavulagaga ndi matenda. Kundende kumeneko ndi komwe a Styblo anatenga TB. Nkhondo itatha m'chaka cha 1945 iwo anatuluka ali moyo, anachira, ndipo anaphunzira za udotolo mumzinda wa Prague. Kuyambira pamenepo moyo wawo wonse anaupereka ku nthenda yomwe inafuna kuwapha.

M'zaka za m'ma 1950 a Styblo anapita ku Edinburgh m'dziko la Scotland kukaphunzira kwa Pulofesa John Crofton, katswiri wa matenda a m'mapapo. Nthawi imeneyo mankhwala a TB anali atangopezeka kumene, ndipo madotolo anali ataona kuti wodwala akapatsidwa mtundu umodzi wokha wa mankhwala, tizilombo tina timapulumuka n'kuyamba kupirira mankhwalawo. A Crofton ndi anzawo anaonetsa kuti wodwala akamamwa mitundu itatu pamodzi, monga streptomycin, PAS ndi isoniazid, mosadumphitsa mpaka kumapeto, pafupifupi aliyense amachira. Iwo ankalondola wodwala aliyense payekha ndi kulemba bwino zotsatira zake. Phunziro limeneli a Styblo sanaliiwale.

Atabwerera kwawo, anakhala mmodzi mwa atsogoleri a kafukufuku wamkulu yemwe anayamba m'chaka cha 1961 m'boma la Kolín, momwe munali anthu pafupifupi 100,000. Anthu a m'bomalo ankajambulidwa m'chifuwa ndi makina a X-ray nthawi ndi nthawi. Kafukufukuyo anapeza kuti odwala ambiri omwe ankafalitsa nthendayi sankagwidwa ndi kujambulako, koma ankadziwika akabwera okha kuchipatala chifukwa cha chifuwa. Zimenezi zinaonetsa kuti dziko losauka lingapindule kwambiri popima makhololo a anthu okhosomola kusiyana ndi kuwononga ndalama pojambula anthu onse.

M'chaka cha 1966 a Styblo anayamba kutsogolera nthambi yofufuza za kafalidwe ka TB yomwe inakhazikitsidwa mumzinda wa The Hague m'dziko la Netherlands, ndipo dzikolo linasanduka kwawo. Kumeneko anasanthula ziwerengero za zaka zambiri pofuna kudziwa momwe nthendayi imayendera pakati pa anthu. Anawerengera kuti wodwala mmodzi amene ali ndi tizilombo m'makhololo, ngati salandira chithandizo, amapatsira anthu pafupifupi 10 pa chaka. Anaperekanso njira yoyerekezera chiwerengero cha odwala: ngati munthu mmodzi pa anthu 100 alionse amatenga tizilombo pa chaka, ndiye kuti pa anthu 100,000 alionse pamapezeka odwala atsopano pafupifupi 50 okhala ndi tizilombo m'makhololo. Akatswiri anagwiritsa ntchito lamuloli kwa zaka zambiri, mpaka kafukufuku wa m'chaka cha 2008 anaonetsa kuti silikugwirizananso ndi momwe zinthu zilili m'maiko omwe odwala amalandira mankhwala. Buku lawo lotchedwa Epidemiology of Tuberculosis linakhala lodalirika kwa ophunzira za nthendayi.

Ntchito yomwe inatchukitsa dzina lawo inachitikira mu Africa. M'chaka cha 1979 anasankhidwa kukhala mkulu woona za sayansi m'bungwe la International Union Against Tuberculosis, lomwe likulu lake lili ku Paris, ndipo anagwira ntchito limodzi ndi mkulu wa bungwelo, Dotolo Annik Rouillon. Panthawiyo odwala TB m'maiko ambiri a mu Africa ankamwa mankhwala kwa chaka chathunthu kapena kupitirira. Ambiri akayamba kupezako bwino ankasiya, n'kubwerera kumunda, ndipo nthenda inkayambiranso. Mankhwala amphamvu a rifampicin, omwe amafupikitsa nthawi ya chithandizo, analipo, koma akatswiri ambiri ankati ndi odula kwambiri kwa maiko osauka, komanso ankaopa kuti akamwedwa mwachisawawa adzatha mphamvu.

A Styblo anaganiza mosiyana. Pogwirizana ndi boma la Tanzania, anayesa chithandizo cha miyezi 8. M'miyezi iwiri yoyamba wodwala ankalandira mitundu inayi ya mankhwala, kuphatikizapo rifampicin, pamaso pa wazaumoyo, ndipo kawirikawiri ankagonekedwa m'chipatala. M'miyezi 6 yotsatira ankamwa mitundu iwiri ali kunyumba. Boma lililonse linkakhala ndi munthu mmodzi woyang'anira za TB, makina oonera tizilombo m'makhololo, mankhwala osatha, ndi kaundula momwe ankalembamo wodwala aliyense. Miyezi itatu iliyonse ankawerenga kuti mwa odwala omwe anayamba mankhwala nthawi imodzi, ndi angati achira, ndi angati amwalira, ndipo ndi angati asowa. A Styblo ankayendera okha zipatala za m'maboma ndi kufufuza makaundulawo tsamba ndi tsamba. Chiwerengero cha ochira ku Tanzania chinakwera kuchoka pa anthu osakwana theka kufika pafupifupi 80 pa 100 alionse.

Dziko la Malawi linayamba kutsatira njira imeneyi m'chaka cha 1984, ndipo Mozambique inaiyamba m'zaka zomwezo ngakhale kuti m'dzikomo munali nkhondo ya pachiweniweni. Maiko ena monga Benin ndi Nicaragua anatsatiranso. M'chaka cha 1991 a Styblo, Dotolo Christopher Murray ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wochokera ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania, yemwe anaonetsa kuti kupulumutsa chaka chimodzi cha moyo wa wodwala TB kunkadya ndalama za pakati pa 1 ndi 4 dola ya America. Banki yaikulu ya dziko lonse inachita chidwi, ndipo inapempha a Styblo kuti akakonze ntchito yofanana ku China, komwe m'madera oyamba ochira anaposa 90 pa 100 alionse.

M'chaka cha 1993 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti TB ndi vuto la dziko lonse lofunika kuchitapo kanthu mwamsanga. Posakhalitsa bungwelo linatenga dongosolo la a Styblo, n'kulipatsa dzina loti DOTS, ndi kulilimbikitsa m'maiko onse, kuphatikizapo Zambia.

Komabe chipambano chimenechi chinakumana ndi mliri wa Edzi. Kachilombo ka HIV kamafooketsa chitetezo cha thupi, motero tizilombo ta TB tomwe tinali chigonere timadzuka. Ku Malawi odwala olembedwa m'kaundula anali pafupifupi 5,000 m'chaka cha 1985, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anali ataposa 20,000 pa chaka, ndipo zipatala zinalephera kugoneka onse kwa miyezi iwiri. Mankhwala a thiacetazone, omwe ankamwedwa m'gawo lachiwiri, anapezeka kuti amasupula khungu la anthu ena omwe ali ndi HIV mpaka kuwapha. Kafukufuku wa Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzawo pa ana a ku chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka anali mwa umboni womwe unachititsa kuti mankhwalawo asiyidwe. Zinaonekanso kuti DOTS payokha singathetse TB kumene HIV yafala, ndiponso kumene tizilombo tayamba kupirira mankhwala.

A Styblo anapuma pa udindo wawo m'chaka cha 1991, ndipo anamwalira m'mwezi wa Malichi m'chaka cha 1998, ali ndi zaka 76.

Zambiri zasintha chichokereni iwo. Lero TB wamba amachizidwa kwa miyezi 6 ndi mapiritsi, popanda jakisoni wa streptomycin, ndipo odwala ambiri amamwa mankhwala ali kwawo. Makina a GeneXpert, omwe WHO inavomereza m'chaka cha 2010, amapeza tizilombo m'maola ochepa ndi kuonetsa ngati tikupirira rifampicin. Odwala TB amalimbikitsidwa kuyezetsa HIV. Koma kaundula wa boma, khadi la wodwala ndi kuwerenga zotsatira miyezi itatu iliyonse zidakalipo. Dziko la Malawi litayamba kugawa mankhwala otalikitsa moyo a ARV kwa anthu ambiri m'chaka cha 2004, linatengera njira yomweyi ya kaundula.

M'zipatala za boma m'Zambia mankhwala a TB ndi aulere. Mfundo yomwe a Styblo anaitsimikiza ndi ziwerengero ikugwirabe ntchito ku Pembamoyo monga inagwirira ku Tanzania: wokhosomola akapimitsa msanga, namaliza mankhwala ake onse, amachira ndipo amaleka kupatsira a m'banja lake.