Lottie Mwale ndi lamba amene sanabwere

Kuno ku Songwe kuli anyamata amene akaweruka konyamula katundu pa boda amakamenya thumba la mchenga pansi pa mtengo wa mango. Ukawatchulira Lottie Mwale amangoti kukamwa yasa. Zachisoni ndithu.

Mwale anabadwira ku Kitwe, m'dziko la Zambia, mu 1952. Mu 1974 anapata mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch. Atayamba nkhonya zolipidwa anagonjetsa Gary Summerhays ku Lusaka mu 1979, natenga lamba wa Commonwealth.

Koma mtima wake unali pa lamba wa dziko lonse. Pa 28 Novembala 1980, ku San Diego, Matthew Saad Muhammad anamugwetsa m'raundi yachinayi. Mwayi wotero sunadzabwerenso. Apo nkuti mkuluyu ali ndi zaka 28 zokha.

Apa mpamene ine ndimasiyana maganizo ndi omutama. Pa zaka 28 munthu amakhala akadali ndi mphamvu zoyambira china, kaya geni, kaya kusula anyamata ngati athu a pa bodawa. Mwale anakakamirabe m'zingwe mpaka 1994, atapyola zaka 40. Inde anapambananso nkhonya zina, sindikukana. Komatu mutu wolandira zibakerazo unali umodzi womwewo. Nanga mwa onse ankamuombera m'manja aja, panalibe ndi mmodzi yemwe womunong'oneza kuti achimwene, zakwana?

Anamwalira mu 2005, ali ndi zaka 53, atavutika ndi matenda a Parkinson's.